Phukusi la Nizar

Shibu anali atayang'ana tsamba lomwelo la pa kompyuta kuyambira m'mawa wa Lolemba, tiyi wake mpaka kuzizira. Kunja mvula ya mumzinda wa Thrissur inkangothira monga mwa masiku onse. Pansi pa tsambalo panali mawu omaliza amene iye analembera mnzake Nizar: "Fayilo imodzi ilibe chilolezo. Konzani kaye." Nizar sanayankhe. Mawa lake basi inamugunda ali pa njinga yake yamoto, ndipo tsopano panali patatha milungu itatu chimuikireni m'manda kuseri kwa mzikiti.

Awiriwa anali m'gulu la anthu ongodzipereka amene amamanga pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta. M'gululi, munthu akalongedza phukusi la pulogalamu, sililowa mpaka wina aliunike n'kulivomereza. Phukusi la Nizar linali lothandiza kompyuta kuwerenga mokweza zilembo za Chimalayalamu, chiyankhulo cha kwawoko. Mlongo wake Sulfath, mphunzitsi wa ana osaona, ankalidikira. Koma fayilo imodzi Nizar anangoitola kwa munthu wosadziwika, popanda kalata yolola aliyense kuigwiritsa ntchito. Khomo lolandira maphukusi atsopano linkatsekedwa Lachisanu. Lophonya tsikulo limadikira miyezi isanu ndi umodzi.

Reshmi, wogwira ntchito ndi Shibu yemwenso anali m'gululo, anakoka mpando n'kukhala pafupi.

"Achimwene, mukufuna kuliboola ndi maso tsambalo? Ingovomerezani basi. Ndani angazenge mlandu munthu wakufa?"

"Mlandu suola, chemwali," anatero Shibu. "Mwini fayilo akadzatulukira, adzalichotsa ana atalizolowera kale."

Reshmi anamuseka kuti ngakhale pa chipata cha kumwamba adzafunsa angelo kalata ya chilolezo. Shibu sanaseke, komanso sanakwiye. Kunena zoona, chimwalirireni Nizar sankamva chilichonse. Kumaliro sanalire, ndipo zimenezi zinkamuchititsa manyazi.

Madzulo a tsikulo anachotsa dzina lake pa malo a wounika. Anatenga phukusilo kukhala lake, nataya fayilo yobwerekayo, n'kuyamba kulemba ina ndi manja ake. Masiku atatu ankangolemba, kudya mpunga osaumva kukoma, n'kulembanso. Pa mndandanda wa eni ntchito anasiya dzina la Nizar pamwamba.

Tsopano vuto linali lakuti munthu savomereza phukusi lake lomwe. Mutu umodzi susenza denga, ndipo gululi lamuloli sililekerera ngakhale kwa akuluakulu. Lachisanu m'mawa Shibu anapita pa tebulo la Reshmi.

"Liunikeni ndinu. Koma musandimvere chisoni."

Reshmi analonjeza kuti aliyang'ana mwachangu, poganiza kuti ingokhala ntchito yosainira. Koma atayamba kuyesa, manja ake anachita zimene anazolowera. Cha m'ma 3 koloko anapeza kuti kompyuta ikafika pa zilembo zina zolumikizana imangoti zii, kudumpha mawu onse. Mwana wosaona sakanadziwa n'komwe kuti pali chimene chadumphidwa. Reshmi anakhala nthawi yaitali osalemba kanthu, kenako analemba zimene wapeza n'kubweza phukusilo. Podutsa pa tebulo la Shibu sanamuyang'ane.

Shibu anayesetsa kukonza, koma nthawi inamuthera. Khomo linatsekedwa phukusi lili kunja.

Anatuluka pakhonde n'kuimbira Sulfath. Anamufotokozera zonse mosabisa: kuti akanatha kulivomereza Lolemba, kuti anakana yekha, kuti ana adikira miyezi ina isanu ndi umodzi. Ankayembekeza kutukwanidwa, mwinanso ankakufuna kumene.



"Achimwene anga ankanena kuti inu ndinu ovuta," anatero Sulfath. "Ankati chikadutsa m'manja mwanu, iwo amagona tulo. Tidikira."

Shibu anakhala pansi pakhonde ponyowapo, foni idakali kukhutu, n'kuyamba kulira.