Botolo Lachiwiri la Madzi a Mvula

Rozi anali asanauzepo munthu, ngakhale amayi ake, kuti madzi amene anali m'botolo lachiwiri la bambo ake sanali a mvula. Anali a pachitsime cha kuseri kwa tchalitchi, ndipo anawathiramo ndi iye mwini.

Bambo akewo, a Saulos, ndiwo okha anali ndi galimoto kuyambira m'mudzi mwawo mpaka kudoko la Kachulu. Anaigula yakale kwa mmwenye wina wa ku Zomba atabwerako ku Joni. Inali ya zitseko zinayi, yobiriwira ngati ndere, ndipo matenda ake ankadziwika ndi mudzi wonse. Chitseko chakumbuyo ankachimanga ndi lekeni. Ikayamba mtunda wolowera m'tauni inkawira ngati ketulo, a Saulos nkuima pambali kudikira kuti izizire. Fumbi linkatseka kabureta pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo masipuling'i anathyokapo kawiri chifukwa cha matumba a matemba. Zonsezi iwo ankazipirira moseka. Koma pa batire panalibe nthabwala.

Madzi a kufupi ndi nyanja ya Chilwa ndi amchere, a m'zitsime omwe. Sopo sachita thovu, chovala choyera chimatuwa ukachapa kawiri. Ndiye dzinja likafika, a Saulos ankaika beseni pakati pa bwalo, kutali ndi denga, nkusefa madzi a mvulawo pansalu, nkudzaza mabotolo awiri aakulu agalasi, aja amabwera ndi vinyo kuchokera kwa Apwitikizi. Loweruka lililonse ankatsegula tizivundikiro ta batire nkudonthezamo pang'onopang'ono, lilime ataliluma.

"Batire limamwa mvula basi," ankatero. "Wokhudza mabotolo awa adzandiona."

Rozi anawakhudza mwezi wa Julaye. Anali atangolemba mayeso a Fomu 2 nkubwerera kumudzi, ndipo ankafuna chithunzi choti amate pa kalata yofunsira malo kusukulu ya uphunzitsi. Wojambula ankabwera pa Kachulu tsiku limodzi lokha. Bulauzi yake yoyera ya kusukulu inali itatuwa ngati phulusa. Anadikira bambo ake atapita ku Zomba, nkutenga botolo la kumbuyo, limene linali lisanatsegulidwe, nkuchapira. Thovu lake linali lokoma kuona. Atatha anadzazamo madzi a pachitsime nkulibwezera pamalo pake. Ankaganiza kuti mvula idzagwa botolo loyamba lisanathe, ndipo iye adzakonza zonse mwakachetechete.

Botolo loyamba linatha kumayambiriro kwa Seputembala. Loweruka limenelo Rozi anaima pakhomo akuona bambo ake akutsegula lachiwiri, akudonthezera m'batire latsopano limene anagula mwezi umodzi m'mbuyomo. Kusukulu aphunzitsi a sayansi anali atauza kalasi yake zimene mchere umachita m'batire. Rozi anatsegula pakamwa, koma mawu anakana. Loweruka lotsatira anakananso. Kenaka galimoto inayamba kudzuka mwaulesi m'mawa, ndipo a Saulos ankanamizira dainamo.

Chakumapeto kwa Okutobala kunabwera a Wilisoni, tcheyamani wa chipani wa dera lonselo. Sanapemphe. Anangonena kuti Lachisanu galimoto idzanyamula mphatso za dera kupita nazo ku msonkhano waukulu ku Zomba, matumba atatu a mpunga, nkhuku ndi mazira, pamodzi ndi iwo eni, ndipo ziyenera kufika nthawi isanakwane teni.

Lachisanulo dzuwa lisanatenthe katundu anali atalongedwa kale. A Wilisoni anakhala kutsogolo atavala jekete, dengu la mazira lili pamiyendo. Anabwera ndi anyamata awiri a chipani ovala malaya ofiira. A Saulos anapotoza kiyi. Injini inabuula kamodzi, nkukhala chete. Anapotozanso. Kunangomveka kuti the, the.

"Yatani?" anafunsa a Wilisoni.

"Imatero m'mawa, atcheya. Tingoikankha."

Anaikankha katatu mumchenga uja, anyamata aja ndi anthu ena amene anabwera kudzaonerera. Ulendo wachitatu inatsokomola, inayenda mpaka pamtengo wa mango, nkuzima. A Wilisoni anatsika, nkuika dengu la mazira padenga la galimoto mosamala kwambiri. Anayang'ana wotchi yawo.

"A Saulos, dzana ndinakuonani mukupita ku Zomba ndi matemba. Inalira bwinobwino."

"Tinakankhanso, atcheya. Funsani aliyense."

"Ya matemba ikakankhidwa imalira. Ya chipani ikakankhidwa imazima. Galimoto yanu ndi yochenjera."

Palibe anaseka. Rozi anali pakhonde, tsache lili m'manja, akusesa malo amodzimodzi. Aliyense pabwalopo ankakumbukira mphunzitsi wa pasukulu yapafupi amene anatengedwa chaka chatha chifukwa cha mawu awiri a pamowa. Mkazi wake ankapitabe ku Zomba kukafunsa, nkumabwerako osauzidwa kanthu.

Amayi a Rozi anali atatumiza kale uthenga kudoko, ndipo posakhalitsa a Pitala anafika panjinga, thumba la masipanala likulira kumbuyo. Anali msuweni wa a Saulos, makaniko wa injini za maboti, munthu wosatha kukhala chete.

"Asuweni, agogo anuwa adzuka ndi nyamakazi?" anatero akutsegula boneti. "Ndinakuuzani, kwatirani wamng'ono. Mwadzuka bwanji, atcheya? Musadandaule, matenda a amayi awa ndimawadziwa onse ndi maina awo."

Anayamba ndi petulo. Anamasula paipi, nkuyamwa, nkulavula. Petulo ankafika. Anamasula mapulagi onse anayi, nkuwapukuta pa kabudula wake, nkuwabwezera. Anakoka lamba wa dainamo ndi chala, anali wolimba. Anapala ndi mpeni mitu ya batire, imene inali itachita zoyera ngati ufa.

"Tayimbani hutala."

Hutala inalira ngati mwanapiye wonyowa.

"Batire lafa," anatero a Pitala. "Lafiratu. Ili ngakhale mukankhe mpaka ku Jali."

"Batire la miyezi ingati?" anafunsa a Wilisoni.

A Saulos anazengereza. "Iwiri ndi theka."

"Ine sindine makaniko. A Pitala, batire la miyezi iwiri limafa lokha?"

"Zimachitika, atcheya. Anthu amafa ali makanda, nanji batire."

Akunena zimenezo anali akutsegula tizivundikiro. Anawerama kuti aone mkati, nkubweza mutu msanga, maso akutuluka misozi. Anayang'ana a Saulos mwachidule, nkuyamba kutsekanso mofulumira. A Wilisoni anaona.

"Tsegulani. Mwanunkhiza chiyani?"

"Palibe, atcheya. Asidi basi."

A Wilisoni anawerama okha. Anadzuka akutsokomola, nkupukuta mphuno ndi mpango.

"Asidi ndimamudziwa. Ili ndi fungo la mankhwala oyeretsera zovala. Muno mwathiridwa chinthu."

"Ine ndimathiramo madzi a mvula okhaokha," anatero a Saulos. Mawu awo anali atakwera pang'ono. "Mudzi wonse ukudziwa. Amandiseka nawo mabeseni anga. Rozi, tabweretsa botolo lija atcheya aone."

Rozi anaika tsache pansi. Kuchokera pakhonde kufika kuchipinda ndi mapazi khumi, koma anayenda ngati akudutsa m'matope a kudambo. Botolo linali pangodya pake, madzi atatsika kufika pakati. Anaganiza zoligwetsa. Likanasweka pasimenti, bambo ake akanamukalipira pamaso pa anthu, nkhani nkuthera pomwepo. Analigwira pakhosi, nkulikweza pang'ono. Kenaka anaganiza za nkhope ya a Wilisoni atamva kuti botolo lasweka nthawi yomwe aliitanitsa. Analikumbatira ndi manja awiri nkutuluka nalo.

A Saulos analilandira monyadira, nkulikweza kudzuwa. "Onani kuyera kwake. Ndinasefa ndekha mu Febuluwale."

A Pitala anathira pang'ono pachikhatho nkunyambita. Anapukuta dzanja pamalaya nkuyamba kusonkhanitsa masipanala amene sanafunike kusonkhanitsidwa.

"Nanga bwanji, a makaniko? Lero mwasowa mawu?"

A Wilisoni analanda botolo nkumwa pakamwa pake penipeni. Anasunga madziwo m'kamwa kanthawi, nkulavulira pafupi ndi phazi la a Saulos.

"Mvula ya pakhomo panu imagwa ndi mchere?"

A Saulos analawa nawonso. Rozi anaona nkhope yawo ikusintha, kuyambira pachipumi kutsika. Analawanso kachiwiri, ngati lilime lawanamiza.

"Sindikumvetsa," anatero motsitsa.

"Ine ndikumvetsa," anatero a Wilisoni. Sanakweze mawu. "Ndinakuuzani Lachiwiri. Munali ndi masiku atatu oganiza. Mukanangonena kuti simukufuna, a Saulos. Pano madera onse afika ndi mphatso zawo, dera langa lokha ndiye mpando uli gwa, wopanda munthu. Akandifunsa ndikanena chiyani? Kuti mvula?"

"Atcheya," anatero a Pitala, "mchere supha batire masiku atatu. Izi ndi za masabata. Ndikulumbira pa ntchito yanga."

"Ndiye kuti anayamba kale kukonzekera. Inu ndi asuweni ake, khalani chete musanakwere nawo."

Anatembenukira kwa anyamata aja. Mmodzi anamutuma kudoko kukaimitsa lole ya nsomba iliyonse yopita ku Zomba, kuti inyamule katundu. Winayo anamuuza kuti aime pafupi ndi a Saulos.

"Mukafotokoza nokha kumeneko za mvula yanu. Kavaleni nsapato."

Amayi a Rozi anagwada pamchenga nkuyamba kuomba m'manja mwaulemu, akutchula a Wilisoni ndi mfunda wawo, akuwakumbutsa kuti galimoto yomweyi inanyamula mkazi wawo kupita kuchipatala chaka cha kolera. A Wilisoni anayang'ana kumbali. Anthu oonerera anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira ntchito kwawo.

A Saulos sanapite kukavala nsapato. Anali akuyang'anabe botolo. Kenaka anakweza maso pang'onopang'ono, kudutsa akazi awo, kudutsa a Pitala, mpaka anafika pa Rozi. Iye anali ataima pomwe anaperekera botolo paja, manja ali lende. Anayang'anana kanthawi kochepa. Rozi anaona kuti bambo ake adziwa.

"Lowa m'nyumba, Rozi," anatero. Kenaka kwa a Wilisoni: "Mwina ndinasokoneza mabotolo ndine. Ukalamba. Tiyeni."

Mnyamata wa malaya ofiira anawagwira pamkono. Kumsewu kunamveka kulira kwa lole ikubwera kuchokera kudoko.

"Ababa," anatero Rozi.

Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri moti anamva ndi a Pitala okha, amene anapukusa mutu pang'ono momuletsa. Kusukulu aphunzitsi ankamuuza kuti abwereze yankho katatu asanamumve. Rozi anayenda mpaka pakati pa bwalo, pakati pa bambo ake ndi a Wilisoni, nkugwada monga mwana amagwadira akulu. Mchenga unali utayamba kutentha.

"Ndati lowa m'nyumba."

"Pepani, ababa." Anayang'ana nsapato za a Wilisoni, chifukwa nkhope sakanatha. Lole inali itaima pamsewu, injini ikulirabe, ndiye anayenera kukweza mawu kuposa mmene anawakwezerapo chibadwire. "Atcheya, madziwo ndinathira ndine. A mvula ndinachapira bulauzi yanga mu Julaye, tsiku lisanafike la wojambula zithunzi pa Kachulu, nkudzazamo a pachitsime cha kutchalitchi. Uthenga wanu unali usanabwere. Ababa sankadziwa. Ine ndinkadziwa kuti batire lidzafa, ndinaphunzira kusukulu, ndipo Loweruka lililonse ndinkaima pakhomo apo kumawaonerera akuthira, osanena kanthu."