Kachipangizo Kobwerera ku Bariloche

Bokosi linafika ku labotale ya mumzinda wa Bariloche Lachiwiri m'mawa, likufuka nthunzi yozizira. Ofelia Brandán, katswiri woyesa zipangizo, analitsegula yekha. M'katimo munali kachipangizo ka silikoni, kopyapyala ngati chikhadabo, kamene iye anakayesa zaka khumi zapitazo kasanatumizidwe ku Ulaya. Kumeneko kanakhala pansi pa nthaka, m'chimakina chimene amawombanitsiramo tizidutswa ta maatomu, ntchito yake kuona kalikonse kodutsa. Cheza choopsa chochokera m'kuwombanako chinakalasa osapumira, mpaka kanachita khungu.

"Mwatiitanitsira maliro, mayi," anatero Evaristo, mnzake wa pantchito, uku akuyamwa ndi kapaipi tiyi wakwawoko wotchedwa mate. "Tikakumbe manda kuseri?"

"Pakamwa inu, achimwene! Tandipatsirani wayayo."

Atakalumikiza, magetsi ankangotayika ngati madzi m'dengu. Ofelia sanadabwe. Ankadziwa kuti chezacho chinagumula maatomu osawerengeka m'malo mwake n'kusiya timabowo tokhatokha. Anakanyamula ndi kapani n'kukaika mu uvuni wofunda pang'ono.

"Ndiye mwayamba kuphika empanada, timabuledi tanyama tija? Zanga zikhale ziwiri."

Kwa mphindi makumi asanu ndi atatu Ofelia sanachotse maso pa uvuniwo. Ankaganizira za maatomu osokerawo, mmene kutentha kumawasunthira pang'onopang'ono, ena n'kupezanso malo awo, popanda dzanja lowalondolera. Anaphunzitsa zimenezi kangapo konse, koma tsikulo ankadikira kuziona zikuchitika.

Kenaka anakaziziritsa kuposa madzi oundana, n'kuyamba kukweza magetsi. Pa kompyuta panali mzere wonjenjemera basi. Anakwezanso. Evaristo anaika chikho pansi.

Mwadzidzidzi mzere uja unadumpha, tsonga! n'kubwerera.

"Mwakagunda?" ananong'ona Evaristo.

"Manja anga si awa?"

Unadumphanso. Unali waufupi, theka chabe la mmene unkadumphira kachipangizoko kali katsopano, koma wooneka bwino. Onse awiri ankadziwa chimene kachipangizoko kanaona: kachidutswa kobadwira m'mwambamwamba, pamwamba pa mapiri a chipale chofewa, kamene kanaboola denga, n'kudutsa m'silikoni wovulalayo, n'kupitirira kulowa m'nthaka.

"Kakuona," anatero Ofelia. "Ndi mabala onsewa, kakuonabe."

Evaristo anatuluka kukaitana anzawo. Posakhalitsa anthu asanu ndi awiri anadzaza kachipindako ataima phee, aliyense akuwerenga chamumtima kudumpha kwa mzerewo. Atafika pa makumi anayi, Ofelia anakoka mpando, n'kutsegula kope latsopano, n'kulemba tsiku, kuti ayambenso kulemba zimene kachipangizoko kakuona.