Dizilo Wabodza m'Beseni la Hashini

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu, nsomba yamoyo iliyonse yokongoletsera m'nyumba yotuluka m'shedi ya bwana Anton kugombe la Negombo kupita kumaiko akunja inkayamba yadutsa pamaso pa a Premasiri. Osambira akabwera nazo kuchokera kumatanthwe a pansi pa nyanja, iwo ankangosuzumira m'beseni n'kutchula mtundu wake. Akakhutira ankagogoda kawiri pamkombero ndi mphete yawo, ndipo beseni losagogodedwa silinkasuntha ngakhale ndege itatsala pang'ono kunyamuka.

Kenaka kunabwera Hashini, mwana wa mmodzi wa osambira aja. A Premasiri anamuphunzitsa okha, tsiku lililonse kumuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsoka lake, mtsikanayo anaphunziradi. Chaka chisanathe ankasiyanitsa tiana ta nsomba tofanana ngati mapasa, aka ka mizere yozungulira, aka ka mizere yongokhota. Bwana Anton akalowa m'shedi anayamba kufunsa za Hashini, a Premasiri ali chiimire pomwepo. Osambira nawo, anthu opanda chisoni, anakolezera moto.

"Madala, magalasi mugula liti?" mmodzi ankafunsa. "Kapena mudikira kuti mwanayu azikuwerengerani mizere?"

A Premasiri ankaseka nawo, koma mawuwo ankawapweteka. Tisabise, inali nsanje, ya munthu wamkulu ndi imvi zake. Ankaona kuti mpando wawo ukupita, ndipo ankalakalaka mtsikanayo atalakwitsa kamodzi kokha, anthu onse akuona.

Lachinayi m'mawa kunabwera tinsomba tisanu timene pantchitoyi amati dizilo, tabuluu, ta mzere wakuda kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ntchito yake n'kutola nsabwe pamatupi a nsomba zazikulu. Bwana analamula kuti tikatha kusankhidwa tikathiridwe m'thanki ya nsomba zisanu ndi imodzi zimene amazitcha mafumu, za mizere yachikasu, zimene wogula wa ku Jeremani anazidikira miyezi iwiri. Hashini anasankha mothamanga, foni ili paphewa, n'kukankhira beseni kwa a Premasiri.

Atangowerama, iwo anaona chimene Hashini anachiphonya. Kamodzi mwa tisanuto kukamwa kwake kunali kunsi kwa mphuno, osati kutsogolo. Ameneyo ndiye dizilo wabodza. Amavala ngati mnzake, amavina ngati mnzake, koma nsomba yaikulu ikamutambasulira zipsepse kuti aitsuke, iye amabudula chipsepse n'kuthawa. Mtima wa a Premasiri unadumpha ndi chimwemwe choipa. Anayang'ana Hashini, amene anali akadali pafoni, ndipo anagogoda kawiri.

Pofika Loweruka mafumu aja anali ngati ovala nsanza. Zipsepse zinali zobenthukabenthuka, michira yong'ambika, ndipo imodzi inagona chammbali pangodya. Panalibe yoti n'kukwera ndege. Bwana Anton anaitana shedi yonse, osambira n'omwe. Hashini anavuula tinsomba tija ndi kaukonde, natiika m'botolo, natiyang'ana kamodzikamodzi. Atafika pa kachinayi nkhope inagwa.

"Ndinasankha ndine, bwana," anatero motsitsa mawu. "Sindinayang'ane kukamwa."

A Premasiri anapinda manja kudikira mphepo imene anaiyembekeza chaka chonse. Koma bwana sanamuyang'ane n'komwe mtsikanayo. Anangoti wa chaka chimodzi amalakwitsa, n'chifukwa chake pali wogogoda. Kenaka anatembenukira kwa a Premasiri.

"Achimwene, beseni ili linadutsa pamaso panu. Munakaona kapena simunakaone?"

Nsanje imatseka nzeru. Masiku awiri onsewa a Premasiri ankangoganiza za manyazi a Hashini, osakumbuka kuti beseni lija analiloleza ndi iwo. Akanena kuti anakaona, ndiye kuti anaonongetsa nsomba dala, ndipo palibe shedi kuyambira ku Negombo mpaka ku Galle imene ikanawalandiranso. Akanena kuti sanakaone, ndiye kuti osambira ankanena zoona za magalasi. Chowawa n'chakuti maso awo anali akuthwa ngati kale.

Hashini anawayang'ana, botolo lili m'manja. Za kukamwa kuja anamuphunzitsa ndi iwo omwe sabata yake yoyamba, ndipo ankadziwa bwino kuti sakanakaphonya. Anangoti, "Amalume," koma sanawaulule.

"Sindinakaone, bwana," anatero a Premasiri.

Bwana Anton anapumira m'mwamba, mkwiyo n'kusanduka chifundo. Anawagwira paphewa, nati ukalamba suchita kuitanidwa, ndipo munthu amene wagwira ntchito mokhulupirika chonchi sangamutaye pamsewu. Kuyambira Lolemba wogogoda akhala Hashini, iwo azikamanga mapepala apulasitiki onyamulira nsomba kuseri, kumene sikufunika maso. Osambira aja sanasekenso, anangozyolika, ndipo zimenezo zinawawa kuposa chipongwe chawo. Onse anadikira kuti mkuluyo ayankhe kukoma mtima kwa bwana.

"Zikomo kwambiri, bwana," anatero a Premasiri.