Mfumukazi Yosalasika

Ku ofesi ankamutchula kuti Maloto, chifukwa ukamufunsa funso ankayamba wayang'ana kudenga ngati yankho lalembedwa kumeneko. Anali atangomaliza sukulu, zotsatira za mayeso zisanatuluke n'komwe, pamene mlamu wake, mwamuna wa achemwali ake, anamulemba ntchito pakampani yawo yopanga magemu a pakompyuta. Kampani yake inali chipinda chimodzi pamwamba pa shopu yomata matayala: matebulo atatu, fani yopukusa mutu ngati ikukana mlandu, ndi matiresi akale otsamira khoma.

Ntchito ya Maloto inali ya nkhondo, koma nkhondo yake ya manambala. Wosewera akadina batani, lupanga likwere nthawi yaitali bwanji, litsike liti, ndipo likagunda mdani, iye adzandime masitepe angati. Mdani aliyense mu gemu amakhala ndi bokosi losaoneka lomukuta thupi. Lupanga likalowa m'bokosimo, wavulala. Likadutsa pambali, ngakhale litameta nsidze, palibe chachitika. Mabokosi onsewo ankawayeza ndi Maloto.

Adani ake ankafa bwino zedi. Achule achitsulo ankaphulika, mafupa oyenda ankamwazika ngati machesi. Yekhayo amene sankafa anali mdani wamkulu wa kumapeto, Mfumukazi ya Mabelu.

Mfumukaziyo anaijambula ndi Pensulo, mtsikana wa patebulo la pawindo, amene ankasomeka pensulo m'tsitsi kenako n'kumaifunafuna tsiku lonse. Kuti mfumukaziyo iziyenda ngati munthu, Pensulo ankatsamiritsa foni pa kapu, n'kunyamula mopu m'malo mwa mkondo, n'kudzijambula yekha akudumpha ndi kuzungulira. Kayendedwe kanali kake, kupendeketsa khosi kunali kwake, mawu omwe anali ake.

Ndiye Maloto anali atagwa naye m'chikondi mpaka m'makutu. Sanamuuzepo kanthu kupatula "wadzuka bwanji" ndi "faniyi ndiitembenuze?", koma mumtima anali atasankha kale mtundu wa makatani a nyumba yawo, ndipo ana awo awiri oyamba anali ndi mayina. Chinkamukwiyitsa n'chakuti moyo unkachedwa kufika pamene iye anafika kale.

Tsiku loyamba kuyesa nkhondo yomalizayo, anatema mfumukazi paphewa, ndipo inalira kuti "Aaa!" ndi mawu enieni a Pensulo. Maloto anaponya chowongolera gemu pansi ngati chamuotcha. Masana sanadye. Anzake atatuluka, anatsegula manambala n'kuchepetsako bokosi la mfumukazi, pang'ono pokha, kuti mapewa atetezeke. Mawa lake anaganiza za mawondo. Mkuja lake, mimba. Pomatha miyezi itatu, bokosi lija linali litatsala ngati nsabwe, ndipo analibisa kuseri kwa khutu lamanzere.

Lachinayi m'mawa kunabwera achemwali ake, amene ankayesa magemu onse asanaonetsedwe kwa anthu. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo chowongolera ankachikhazika pamimba ngati patebulo. Anapha achule, anamwaza mafupa, nafika kwa mfumukazi. Anamenya ola lathunthu.

"Bambo a mwana, tabwerani muone zamanyazi," anaitana amuna awo. "Ndamubaya pachifuwa, lupanga latulukira kumsana, iye akungondiyang'ana ngati ndamufunsa nthawi."

"Mwina mukuphonya, amayi."

"Ine? Kuphonya? Inuyo ndinakuphonyani?"

Mlamu anayesa yekha, thukuta kamukamu, mpaka mfumukazi inamupha kasanu ndi kawiri. Anavula magalasi n'kupukuta kumaso ndi malaya.

"Tamverani nonse. Mawa anthu ofalitsa magemu akubwera kudzaona ntchito yathu. Sindingawaonetse nkhondo yosatha. Mlamu, manambala ako ali bwino?"

Maloto anayang'ana kudenga. "Ali... alipo, alamu."

"Ndiye kuti vuto lili m'zojambulazo. Pensulo, pepa mwanawe, koma ikamakwana thwelofu mayi ameneyu asanafe, ndimufufuta. Tiikapo chule wamkulu. Timuveka chipewa kuti azioneka waudindo."

Pensulo anadzuka pang'onopang'ono, natuluka kukakhala pamasitepe. Maloto anawerenga mpaka teni kuti asaoneke ngati akumutsatira, koma anafika pa folo pokha.

Anamupeza atakumbatira mawondo, akuyang'ana anthu omata matayala pansipo.

"Chule," anatero Pensulo osacheuka. "Wachipewa."

"Mwinatu ndi bwino," anayankha Maloto, akukhala sitepe imodzi pamwamba pake. "Bola palibe amene adzamupweteke."

"Iwe ukudziwa chimene chikundiwawa? Si nkhondo ayi. Ndi imfa yanga."

"Imfa yako?"

"Matiresi ali pakhomapo umaona ngati ndi okongoletsa? Masabata atatu ndinkabwera m'mamawa inu musanafike, n'kumafa. Ndinafa kokwana makumi anayi. Ndinagwa chagada, chafufumimba, cham'mbali. Tsiku lina ndinaphonya matiresi n'kugwera pa simenti, taona." Anapinda malaya n'kumuonetsa chigongono chachipsera. "Imeneyo ndiye inatuluka bwino kuposa zonse. Mabelu amaduka limodzilimodzi, tsitsi limamasuka, iye amagwada kaye ngati akufuna kunena kanthu, kenako basi. Sindinajambulepo chinthu chokongola chonchija chibadwire. Ndipo palibe amene wachionapo, chifukwa chitsiru cha mfumukazicho sichikufa."

Maloto anamva ngati masitepe akusungunuka. M'maloto ake onse, tsiku loulula chikondi linkakhala ndi mvula yowaza, ambulera imodzi ndi nyimbo yochokera patali. Apa panali fungo la labala wopsa ndi munthu wina pansipo akukuwa kuti amubwereke sipanala.

"Ndine," anatero.

"Ndiwe chiyani?"

"Bokosi lake. Ndinalichepetsa."

Pensulo anatembenuka. "Kufika pati?"

Maloto anatsina mpweya ndi zala ziwiri. "Lili kuseri kwa khutu."

"Khutu?"

"Lamanzere."

"Chifukwa?"

"Ndikamutema amalira ngati iwe. Ine sindingathe kumva iwe ukulira. Ndiye kuti... ndimakukonda. Kuyambira tsiku limene unaswa babu ndi mopu."

Pansipo wina anapopa tayala mpaka linaphulika, koma Pensulo sanaphethire n'komwe.

"Ndione ngati ndamva bwino," anayamba pang'onopang'ono. "Miyezi itatu ndakhala ndikudziona ngati wolephera. Ndafufuta miyendo yake n'kuijambulanso kawiri. Ndakhala ndikupepesa kwa alamu ako. Ndipo nthawi yonseyi iwe unali pafupi pompa, ukundifunsa za fani?"

"Ndimafuna kukuteteza."

"Ndinakupempha? Anzako akakonda munthu amamugulira maluwa, iwe umamuchotsa ntchito n'kuikapo chule!" Anazula pensulo m'tsitsi n'kumuloza nayo pamphuno. "Nthawi ili bwanji?"

"Kwatsala mphindi makumi awiri."

"Dzuka. Ukandiphe."

Analowa, Pensulo patsogolo, Maloto pambuyo ngati mbuzi yogulidwa. Anayamba kufotokoza za manambala amene mwina anasokonekera okha, koma Pensulo anamudula.

"Akuti amandikonda, ndiye anabisa bokosi kukhutu."

Achemwali anaseka mpaka chowongolera chinagwa pamimba. "Mayo ine, mwana wa amayi anga! Musandiseketse, ndingachire pompano!"

"Mlamu," anatero mwini kampani atagwira mutu, "sungakonde munthu pa nthawi yopuma ngati anthu ena onse?"

Maloto anakhala pakompyuta makutu akutentha. Anakulitsa bokosi lija kuchoka kukhutu kukuta mutu, kenako mapewa. Atafika pachifuwa anazengereza.

"Mpaka kuphazi," analamula Pensulo, ataima kumbuyo kwake. "Ndi zala zomwe."

Achemwali anatambasula dzanja kuti atenge chowongolera, koma Pensulo anachilanda n'kuchiika m'manja mwa Maloto. "Ayi, akulu. Wolakwa yemweyu."

Nkhondo inayamba. Mfumukazi inazungulira, mabelu ali ngwerengwere, mkondo ukubwera. Maloto anazinda, nagubuduka, natema.

"Aaa!" inalira mfumukazi.

"Pepa!" anakuwa Maloto.

"Usapepese, menya!" anatero Pensulo, akumugwedeza mpando. "Akakweza mkondo amasiya nthiti poyera, ndinachita dala. Pamenepo! Mwamva mmene ndalirira? Kumeneko kunali kulira kwa nambala sikisi!"

Anatema, napepesa, natema, napepesa. Mlamu ankayang'ana wotchi, achemwali ankakuwa malangizo otsutsana ndi a Pensulo, ndipo omata matayala awiri anakwera kudzaona ngati kukumenyedwa munthu. Moyo wa mfumukazi utatsala kachingwe, Maloto anatsinzina mwamphamvu n'kudina batani.

Anamva belu limodzi likugwa. Kenako lina. Atatsegula maso zonse zinali zitatha, pa sikirini patangotsala fumbi. Mmodzi wa omata matayala ankapukuta m'maso ndi nsanza ya girisi.

"Chule uja muiwaleni," anatero mlamu ndi mawu osasa. "Tikuonetsa zimenezi."

Maloto anapumira m'mwamba, kenako anatembenukira kwa Pensulo. Mtima unkamuuza kuti adikire sabata, kapena tsiku, koma pakamwa sipanamve.

"Ndiye za zija ndanena pamasitepe..."

"Waona bwanji pogwada paja?"

"Zinali... zokongola kwambiri."

"Ndinagwadira bondo liti?"

Maloto anayang'ana kudenga.

"Anatsinzina ameneyo," anaulula achemwali. "Ndamuona ndi maso angawa."

Pensulo anamuyang'ana, milomo ikulimbana ndi kumwetulira. Kenako anakoka mpando wake kuchoka pawindo, nauguguza chipinda chonse mpaka unagundana ndi wa Maloto, nakhala.

"Yambiranso," anatero. "Ndipo ukatsinzinanso ndikutsina. Zinazo tikambirana ukandiona ndikufa."