Nkhope ya a Gibson

Nomsa anali pakati pokonza khutu la dalaivala wina pa laputopu pamene mayi ake aakulu, a Veronica, analowa m'shopu muja opanda ndi odi yemwe. Kunja msika wa Lizulu unali utagundika, mabasi akuliza mahutala, amayi akuthamangira m'mawindo ndi mabeseni a kachewere ndi kabichi.

"Undionetse chimene wawachita bambo ako," anatero a Veronica, mawu ali pansi.

Shopuyo inali ya Silvester, yotchajako mafoni ndi kuseweretsa magemu pa makompyuta awiri. Gemu imene anthu ankailimbirana inali yoyendetsa malole. Inapangidwa kunja, koma Silvester ndi anzake a pa intaneti anaisintha, n'kuikamo msewu wa Lizulu mpaka ku Biriwiri, zitunda zake ndi mbuzi zodumpha msewu zomwe. Zinatsala ndi nkhope za madalaivala, tizithunzi tating'ono ngati sitampa tooneka pakona ya sikirini. Zoyambazo zinali za azungu okhaokha. Ntchito yojambula zatsopano inagwera Nomsa, amene dzanja lake linkadziwika kuyambira ali kupulayimale. Dalaivala aliyense ankafunika nkhope zitatu: ali bwinobwino, atavulala, ndi atatsinzina lole ikagubuduzika.

Nkhope zambiri Nomsa anangozipeka. Imodzi yokha anaitengera pa chithunzi chakale cha bambo ake aakulu, a Gibson, chomwe anajambulitsa ali ku migodi ku Joni, chisoti chili kumutu, mpata wa mano uli poyera. Sanawapemphe. Ankati n'kanthu kakang'ono, koti eni ake sadzakaona n'komwe.

Ndiye Lachiwiri a Gibson anagwa panjinga potsika chitunda cha ku Biriwiri atanyamula thumba la kachewere, n'kung'ambika pachipumi. Anakawasoka kuchipatala. Kondakitala wina wokonda gemu ija anauza amayi a pamsika kuti bandeji imeneyo iye anaiona kale pa kompyuta, mbali yomweyo ya kumanzere, ngozi isanachitike. Pofika ku Biriwiri nkhaniyo inali itanenepa. Akuti Nomsa amatsekera anthu m'kompyuta, ndipo nkhope yotsinzina ija ndiyo yatsala kuchitika.

Nomsa anatsegula zithunzi zitatuzo. A Veronica anayang'ana choyamba, chachiwiri, ndipo atafika pa chachitatu anagwira pakamwa. Silvester anayesa kufotokoza kuti dalaivala aliyense ali nazo zotero, koma a Veronica anamudula, amvekere nkhani ya pabanja salowerera wapadera.

"Tseka chinthu chakocho unyamule. Ukanene wekha pamaso pawo."

Anakwera minibasi ya ku Biriwiri. Nomsa anakumbatira chikwama chake, akuyang'ana madimba akudutsa. Ankadziwa kumene dzina loti mfiti limamusiya munthu: moni amatha, ana amakuthawa, ndipo tsiku lina mwala umagwa padenga. Anaganizanso za mayi ake omubala, amene ankatunga madzi pamjigo umodzi ndi anthu omwewo.

Atafika kwa a Gibson anapeza pakhonde pali anthu odzazonda matenda. Nomsa atapereka moni, amayi awiri anayankhira kukhosi, wina n'kusendeza mphasa yake. A Gibson anali pampando wa ndalema, bandeji ili pachipumi, mwendo atautambasula. Anaitanitsa laputopu ija, n'kuitalikitsa pang'ono chifukwa magalasi awo anasweka pangozi pomwepo. Anayang'ana nkhope yoyamba nthawi yaitali. Kenako anati aone zinazo. Pa ya bandeji anadzigwira pachipumi. Yotsinzinayo nayo anaiyang'anitsitsa.

"Bandeji yakoyi wamanga bwino kuposa anamwino," anatero pomaliza. Anatembenukira kwa akazi awo. "Amake Mtendere, mabuleki a njinga ija anatha liti?"

A Veronica anayang'ana kumbali. A Gibson anafotokozera anthuwo okha. Mabuleki anatha mvula isanakate, ndipo chiyambire iwo akhala akuimitsa njinga poponda tayala ndi patapata. Akazi awo ankawanena Lamulungu lililonse kuti akakonzetse, iwo n'kumati mawa. Lachiwiri patapata anaduka pakati pa chitunda, thumba lili kumbuyo likukankha.

"Ngati mukufuna mfiti, ili m'dzenje la zinyalala umo. Ndi ya buluu, saizi naini."

Bambo wina anayamba kuseka, amayi aja n'kutsatira, ngakhale mmodzi anang'ung'udzabe kuti nanga mbali ya kumanzereyo mtsikanayu anaidziwa bwanji. A Gibson anamuyankha kuti mutu uli ndi mbali ziwiri zokha, ngakhale wakhungu akhoza kulasa. Koma iwo anali asanathane ndi Nomsa.

"Iwe mwanangu, safunsa anadya phula. Nkhope ili ndi mwini wake. Ukanabwera kudzandiuza, mayi akowa sakanakhala osadya chigwereni changa."

Nomsa anagwada n'kupepesa. Anati akangobwerera akaichotsa nkhopeyo, koma sanabise kuti anthu ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anaitenga kale gemuyo pa intaneti, ndipo zomwe zili m'makompyuta mwawo iye sangazifikire. A Veronica anapumira m'mwamba. A Gibson anangoti madzi akatayika saoleka, n'kuyang'ananso chithunzi choyamba chija. Anafunsa ngati alipo amene amasankha dalaivala ameneyu. Nomsa anati ndi amene amasankhidwa kwambiri, moti anyamata amakanganirana, ati chifukwa cha chisoti ndi kumwetulira kwake.

Kenako a Gibson ananena, osayang'ana munthu, kuti kumgodi kuja zaka zonse zija kapitawo sankawadziwa nkhope, ankangowaitana ndi nambala ya pachisoti. Anati ngakhale ana awo omwe chithunzi chimenecho amangochidutsa pakhoma ngati kalendala yakale.

Anagamula okha. Nkhope yabwinoyo ikhale. Ya bandeji ikhalenso, poti tsopano ndi yoona. Koma yotsinzinayo ichoke, ndipo a Veronica aone ndi maso awo ikuchoka. Lole ikagubuduzika, pakonapo paoneke chisoti chokha. Nomsa anaifufuta pomwepo, mayi ake aakulu atamuwerama paphewa, ndipo anawaonetsa kuti m'malo mwake mwatsala poyera. Analonjeza kuti Silvester atumiza gemu yokonzedwayo kwa onse amene angawapeze.

"Ndipo uwauze anyamata akowo aziyendetsa bwino," anawonjezera a Gibson. "Ndagwa kokwanira."

A Veronica sanaseke nawo. Analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala chitenje china. Nomsa atatsanzika n'kunyamula chikwama, iwo anamulanda, amvekere ndi cholemera. Sichinali cholemera. Njira yachidule yopita kumsewu inalipo, yodutsa kuseri kwa tchalitchi, koma iwo anatenga yaitali, yodzera pamjigo pomwe amayi anali atafola ndi ndowa zawo. Anayenda pang'onopang'ono, chikwama cha laputopu chili paphewa pawo, akumufunsa Nomsa mokweza ngati kabichi watsika mtengo ku Lizulu. Amayi a pamjigo anasiya kupopa n'kuyang'ana. Mmodzi anapereka moni kwa onse awiri, ndipo a Veronica anaima kuti Nomsa ayankhe yekha.