Zelifa ndi Mkango wa Kudambo

Chaka chimene mikango inavuta ku Kabudula, Januario anali pakhomo pake akusema mpini wa khasu pamene anamva mfuu ya amayi a kumadimba. Inali nyengo yogulitsa fodya, ndipo m'mawa womwewo mlongo wake Zelifa anali atanyamuka ndi mwamuna wake Fabiano, mitolo pamutu, kulowera kumsika wa ku Nsaru. Njira yake inkadutsa m'dambomo. Januario anatola mkondo n'kuthamanga limodzi ndi amuna anzake.

Anapeza udzu utagona ngati pagwirana nkhunzi za ng'ombe. Fabiano anali chagada, khosi litathyoka, magazi ali ponseponse. Chapafupi mkango unkadzikoka ndi miyendo yakutsogolo yokha, nkhwangwa itazika mumsana mwake. Zelifa anali atakhala pakati pa mtembowo ndi chilombocho, tsaya litang'ambika mpaka mano kuonekera, mkono wamanzere utatafunidwa ngati mzimbe. Ndi dzanja lotsalalo ankaugenda mkangowo ndi zibuma, osalira, osafuula. Amuna aja anaubaya mikondo mpaka unaleka kuphupha.

Zelifa anamunyamula pamachira kupita naye kumishoni, kumene masisitere anamudula mkonowo pachigongono. Fabiano anaikidwa mawa lake, mkazi wake asanatsitsimuke.

Anthu akuchokera kumanda, Rodwell, mng'ono wake wa malemuyo, analankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Mkango wanji wopha mwamuna n'kusiya mkazi? Unali wotumidwa uja. Mumufunse mlongo wanuyo, a Januario, akuuzani amene anautuma."

Januario anamulumphira. Anamusasantha chibakera mpaka dzino linagwera m'fumbi. Rodwell anasolola mpeni m'chiuno n'kumucheka pamwamba pa diso, ndipo awiriwo anagubuduzana pansi, kukanyangana pakhosi, amayi akukuwa. Akuluakulu anachita kuwamenya ndi ndodo kuti alekane.

Patapita masiku, amene anakazonda Zelifa ankabwerako akupukusa mitu. Amayi ake aang'ono, a Mariya, anamuuza kuti athokoze Mulungu poti ali ndi mwayi, iye n'kuwaponyera mbale ya phala kumaso. Mayi wina anamulimbitsa mtima kuti akadali mtsikana, adzakwatiwanso, koma anamuthamangitsa ndi mawu osayenera kubwereza. Mphunzitsi wa katekisimu anamulangiza kuti aiwale zonse; Zelifa anangotembenukira kukhoma.

Januario anachita mantha kuposa tsiku la mkango lija. Iye sanali munthu wa mawu.

"Kodi ndikanene chiyani ine?" anafunsa mkazi wake Dyness.

"Kaya. Koma mwini mbumba ndinu. Mukapanda kupita, anthu aziti nanunso mukukhulupirira za Rodwell."

Ananyamuka. Njira yonse ankasanja mawu mumtima, koma aliwonse amene wapeza ankamveka ngati a anthu aja anathamangitsidwa.

Anamupeza atakhala pamphasa pakhonde la chipatala, nkhope itakulungidwa nsalu mbali imodzi, chitsa cha mkono atachifukata pachifuwa. Zelifa anamuyang'ana ndi diso lolusa.

"Nanunso achimwene mwabwera kudzandiuza kuti ndili ndi mwayi, eti?"

"Ayi."

"Nanga mwadzera chiyani?"

Januario anakhala pansi, kumapeto kwa mphasayo. "Sindikudziwa chonena, mlongo wanga. Ndayesa njira yonseyi, palibe chimene ndapeza. Ndabwera basi. Ukafuna kulankhula ndimva. Ukapanda kufuna, ndikhala pompano mpaka andichotse."

Sisitere anadutsa ndi chidebe, anawayang'ana, n'kupitirira. Kenako Zelifa analoza chilonda cha pamwamba pa diso chija.

"Wakuchekani ndani?"

Januario anafuna kunama, koma anaona kuti mlongo wake watopa ndi mawu osalala. Anamuuza zonse za Rodwell. Zelifa anaseka, kuseka koipa kumene kunatsegula bala la patsaya, magazi n'kuyamba kuwonekera pansalu.

"Wotumidwa! Unatulukira kumbuyo, achimwene. Ndinangomva mtolo wawo ukugwa. Nditacheuka, unali utawagwira kale pakhosi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, 'Thawa.' Mawu amenewo okha. Ine ndinaona nkhwangwa yawo ili pansi. Ndinautema kamodzi, unandiluma mkono, ndinamva fupa likuthetheka. Ndinatemanso ndi dzanja ili." Anapuma movutikira. "Anthu akuti ndinapulumuka. Ine sindinkafuna kupulumuka ayi. Ndinkafuna kuwalanditsa. Ndinachedwa."

Pakamwa pa Januario panabwera mawu akuti sunachedwe, koma anawameza, chifukwa iye panalibepo.

"Ine chimene ndinaona ndi ichi," anatero. "Nkhwangwa ija tinachita kuizula anthu awiri. Chilombo chija sichinawakokere kutchire alamu anga. Tinawaika athunthu, m'manda mwa kwawo, nkhope yawo ana anaiona. Zimenezo unachita ndiwe."

Apo Zelifa analira, koyamba chichitikire ngoziyo. Analira mokuwa, akumenya pansi ndi dzanja lake limodzilo, mpaka odwala ena anasuzumira pakhomo. Januario sanamuuze kuti atonthole. Anangomugwira phewa kuti asagwere pabala.

Atatopa, anapukuta mphuno ndi nsalu n'kufunsa za maliro. Anafuna kudziwa amene anasambitsa thupi, amene anakumba manda, nyimbo imene anaimba akhristu. Januario anafotokoza chimodzichimodzi, ndipo pamene waiwala ankavomera kuti waiwala.

"Nanga ana anga akugona kuti?"

"Kwathu. Wamng'ono uja sakudya bwino. Akuti adya ukabwera."

"Mubwere naye Lamulungu. Koma mukamuuziretu za nkhope yangayi, asadzathawe."

Zelifa anatuluka m'chipatala mvula yoyamba itagwa. Abale a Fabiano sanabwere kudzamuona, ndipo Rodwell sanapondenso m'mudzimo. Januario anamusemera khasu la mpini waufupi, loti n'kugwira ndi dzanja limodzi, ndipo chaka chimenecho mizere ya Zelifa inali yokhotakhota, koma analima yekha mpaka kumalire.