Chala cha Amayi m'Buku la Phinias

Bornwell Njobvu anabwerera ku Rufunsa mu Juni 1995, kampani ya mabasi imene anaigwirira ntchito zaka makumi awiri ku Lusaka itatsekedwa. Amene anakondwa kuposa onse anali mkulu wake, Phinias. Pa ana asanu a mayi Estina anatsala awiriwa basi, ndipo Phinias anali atasunga malo pafupi ndi nyumba yake, osalimapo, kuti mphwake akadzatopa ndi tauni adzamangepo.

Mwezi usanathe, m'mphepete mwa msewu waukulu munaoneka zikhomo zopaka utoto woyera. Zinali kumtunda pang'ono kwa chitsime chimene bambo awo anakumba atangosamuka ku Katete. Mabanja onse okhala mbali imeneyo ya msika ankatunga pamenepo.

"Ba Phinias, nkhani yabwino mumabisa chonchi?" anatero Nelly Mumba, wogulitsa nthochi pamsewu, Phinias akudutsa pa njinga. "Akuti mphwanu aika filing'i siteshoni apa. Manje tizimwa tiyi wa petulo."

Phinias anaseka ngati munthu wodziwa. Sankadziwa kanthu.

Anamupeza Bornwell kwa mayi awo akukonza wilibala.

"Kwa mfumu unapita ndi ndani?"

"Ndekha, akulu. Ndinaona kuti muli ndi zambiri kutchalitchi."

"Munthu amakapempha malo mkulu wake ali moyo, osamutenga?"

"Inali nkhani ya mapepala chabe."

"Nanga chitsime?"

"Mathanki a masiku ano sadontha. Msewu uno motoka zimafera m'mapiri ndi ludzu, akulu. Tikaika mafuta pano, nanunso mudzasiya kupalasa."

Phinias ankayembekezera funso limodzi lokha, loti iye akuiona bwanji nkhaniyi. Bornwell anapempha kuti amupatsire sipanala.

Lamlungu lotsatira, anthu okhala pafupi ndi malowo anakumana pabwalo la Nelly. Amayi ambiri ananena za madzi. Mwamuna wina ananena za moto, poti nyumba zambiri zinali zofolera ndi udzu. Nelly anati malole akayamba kugona pamenepo, ana aakazi adzatha ndi matenda aja amene anali atatsegula kale manda ambiri. Maybin, amene ankagulitsa petulo wa m'zigubu kuseri kwa msika, analankhula nthawi yaitali za chifuwa cha ana.

"Iwe Maybin, khala pansi," anatero Nelly. "Chifuwa chako tikuchidziwa, chili m'zigubu."

Anthu anaseka. Kenaka anakumbutsana zimene khansala ananena, kuti amene akukana alembe kalata, aikepo maina awo, adzaipereke pa tsiku la msonkhano. Maso onse anapita kwa Phinias. Iye ndiye ankalembera anthu makalata, ndipo pa njala ya 1992 ndiye anali mlembi wa chimanga chachikasu cha thandizo. Anayenda midzi yonse ya kuseri kwa phiri ndi buku lofiira lachikuto cholimba, kulemba maina ndi kudinditsa zala, ndipo palibe amene anadandaula kuti anamudumpha.

"Ndi mphwanu, tikudziwa," anatero Nelly. "Koma madzi alibe mphwake."

Phinias anavomera. Anadziuza kuti akuchitira chitsime, ndipo mbali ina zinali zoona.

Mapepala anali osowa, choncho anatsitsa buku lofiira lija pamwamba pa kabati. Linali ndi masamba osalemba kumapeto. Anathira timadzi pa kansalu ka inki kuti kafewe, namangirira zonse pa njinga. Masiku awiri oyamba anayenda nyumba za m'mbali mwa msewu. Pakhomo lililonse ankayamba wawerenga kalatayo mokweza. Ena anasaina. Ena anakana, akuti ana awo akungokhala, mwina angapeze ntchito yomwetsa mafuta. Pofika madzulo a tsiku lachiwiri anali ndi maina khumi ndi asanu ndi anayi okha.

Tsiku lachitatu anakwera phiri. Chaka chimenecho mvula inadukanso mu Febuluwale, ndipo kumidzi ya kuseriko chimanga chinapserera chisanabereke. Pa nyumba yoyamba, mkulu wina dzina lake Musa anaona bukulo Phinias asanatsike n'komwe pa njinga.

"Amlembi afika!" anakuwa Musa. "Iwe, tuluka! Tinati mwatiiwala chaka chino, ba Njobvu."

Mkazi wake anatuluka akupukuta manja pa chitenje. Musa anali atatambasula kale chala chachikulu.

"N'chachikasu chomwe chija? Ngakhale chinkanunkha, tinachira nacho. Chifika liti?"

Kalata inali m'thumba la malaya. Phinias anaigwira, naisiya momwemo.

"Za tsiku sindikudziwa," anatero.

Mawuwo anali oona. Anatsegula buku, nalemba dzina la Musa ndi la mkazi wake. Mbiri inathamanga kuposa njinga. Pa mudzi wachiwiri anapeza anthu ataima kale pa mzere, aliyense pamalo ake monga ankachitira zaka zitatu zapitazo, okalamba patsogolo. Palibe amene anafunsa kuti akudindira chiyani, chifukwa buku ankalidziwa ndipo mwini wake ankamudziwa. Mayi wina anamupatsa madzi m'chikho chatsopano. Tsiku lonse Phinias sanatchule chimanga ngakhale kamodzi, ndipo pobwerera anali kudzikumbutsa zimenezo pa mtsetse uliwonse.

Anafika kwawo dzuwa likadali. Mayi ake anali pakhonde kusankha nyemba pa lichero ndi mnzawo wina amene anali atamva kale za mzere wa kuseri kwa phiri. Maso a mayi Estina anali atachita khungu pang'ono, koma makutu anali bwino.

"Phinias, anthu a eni wawalemba, mayi ako wawasiya?"

"Inu mudya kwa ine, amama."

"Kwa iwe kuli nkhokwe zingati? Bwera nalo kuno."

Mnzawo uja anali kuyang'ana. Phinias anagwada, nagwira chala cha mayi ake, nachipaka inki. Anaganiza kuti tsambalo adzaling'amba. Atafika kunyumba kwake anaona kuti pa tsamba lomwelo pali maina ena khumi ndi limodzi, ndipo analisiya.

Msonkhano unachitika Lachisanu m'mawa m'kalasi ina ya pasukulu. Kutsogolo kunakhala khansala ndi munthu wina wochokera ku khonsolo. Bornwell anavala tayi. Anapachika pa bolodi pepala lalikulu limene anajambulapo yekha, naloza ndi kandodo. Anati wamva madandaulo a anthu. Mathanki awasunthira kumunsi kwa chitsime, m'dzenje lomanga ndi simenti, ndipo malole sadzaloledwa kugona pamalopo. Ngati anthu akuopabe, iye akumba chitsime china kumtunda asanaike njerwa ngakhale imodzi.

Phinias anamva zimenezi koyamba pamodzi ndi anthu ena onse. M'kalasimo munayamba manong'onong'o. Nelly anaimika dzanja.

"Nanga nthochi zanga, muzindilola kuika tebulo pamthunzi?"

"Tebulo ndi mpando womwe, ba Nelly."

"Aa, ndiye tikambirane bwino," anatero Nelly, anthu n'kuseka.

Koma munthu wa ku khonsolo anati kalata yokana yaperekedwa kale, ndipo ayenera kuwerenga maina onse kuti aliyense amve. Anawerenga pang'onopang'ono. Ambiri mwa eni mainawo sanali m'kalasimo. Atafika chakumapeto anati, "Estina Njobvu," kenaka anakweza maso.

"Ameneyu ndi ndani kwa inu, a Njobvu?"

Bornwell anatsitsa kandodo kaja.

"Ndi mayi anga."

Munthuyo anatseka buku. Anati anthu makumi asanu ndi atatu mphambu atatu si ochepa, ndipo pamene mayi wobereka wakana, iye sangapite kukauza anzake kuti mudzi walola. Nkhaniyo iima mpaka Bornwell atamvana ndi anthu ake.

Masana Bornwell anapita kwa mayi ake. Phinias anamutsatira, naima pafupi ndi mzati wa khonde. Bornwell anakhala pansi, tayi ili m'khosi.

"Amama, ngati simunafune, bwanji osandiuza ine mwini?"

"Kufuna chiyani?"

"Za mafuta. Chala chanu chili m'buku la okana."

"Mafuta ati? Ine chala ndinaika cha chimanga." Mayi Estina anatembenukira kumene anamva kupuma kwa mwana wawo wamkulu. "Iwe Phinias, kodi chifika liti? Usadzandipatsenso chofumbwa ngati chija."

Bornwell anayang'ana mkulu wake. Kenaka anati, "Chifika, amama," nadzuka.

Anakalankhulana kuseri kwa khola la mbuzi, kumene mayi awo sakanamva.

"Amene anadinda osadziwa ndi angati?" anafunsa Bornwell.

"Makumi asanu ndi limodzi mphambu anayi."

"Munawauza kuti n'chimanga?"

"Sindinatchule chimanga."

Bornwell anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.

"Akulu, munaphunzira kundiposa, mawu mumawadziwa. Manje tichite bwanji? Lolemba mupite mukanene nokha kwa khansala. Ine ndikuperekezani. Kapena ndipite ndekha?"

Phinias anadziwa zimene zikanatsatira. Anali mkulu wa mpingo. Anthu anjala a kuseri kwa phiri akanamva kuti anawaimika pa mzere pachabe, ndipo palibe amene akanamupatsanso kalata yoti awerenge.

"Ndipatse masiku," anatero.

Lolemba kunali maliro kutsidya kwa msewu, ndipo Phinias anapita kukathandiza kukumba manda ngakhale kuti achinyamata analipo okwanira. Lachitatu anamva kuti khansala wapita ku Lusaka, ndipo sanafunse kuti abwera liti. Mlungu wachiwiri Musa anatsika phiri ndi thumba lopanda kanthu atalipinda m'khwapa. Phinias anamuthirira chimanga cha m'nkhokwe yake, namuuza kuti china chachedwa. Masiku onsewo ankakumana ndi Bornwell kwa mayi awo. Ankapatsana moni, ankasamba m'manja m'beseni limodzi. Bornwell sanafunsenso.

Lolemba lachitatu Phinias anavala jekete, napita kwa khansala. Ananena zonse ataimirira, kuyambira pa nyumba ya Musa. Khansala anamvetsera, akusisita chipumi.

"Mwachita bwino kubwera, ba Njobvu, koma palibe chokonza. Mphwanu anabwera Lachinayi kudzatenga mapepala ake. Anati malo sanamukomere."

"Ananena za buku?"

"Sananene kanthu."

Phinias anamupeza Bornwell akumanga matiresi ake ndi chingwe. Anali atagwirizana ndi woyendetsa lole wina kuti amutenge masana kupita ku Nyimba, kumene mnzake wakale anali ndi galaja.

"Ndachokera kwa khansala," anatero Phinias. "Ndanena zonse. Tikhoza kuyambanso. Mawa ndikwera phiri, ndikawauze. Nelly ali kale mbali yako."

Bornwell anamaliza kumanga mfundo.

"Lolemba loyamba lija, akulu, ndinavala nsapato m'mamawa. Ndinakhala pakhonde paja mpaka dzuwa linafika pamutu. Amama anandifunsa kuti ndikudikira ndani."

"Kunali maliro."

"Ndinakuonani mukupita."

Phinias anayang'ana pansi.

"Ukanandifunsa poyamba paja, mphwanga. Ukanangondifunsa."

"Ndikudziwa. Pamenepo ndinalakwa ndine, ndipo ndikanapepesa pamaso pa aliyense amene mukanasankha. Koma kukhala pano sindingathe. Ndizidzakuonani m'mawa uliwonse mukudutsa, ndizidzakupatsani moni, ndipo ndizidzakumbukira. Ndi bwino ndikumbukire ndili kutali."

"Nanga amama?"

"Ndawauza kuti ntchito yandiitana. Musawauze zina. Akalamba."

Mawa lake Phinias anakweradi phiri, wapansi, nauza anthu mudzi ndi mudzi kuti chimanga sichinalipo. Ena anamutukwana. Musa anangolowa m'nyumba. Ku mpingo anamupumitsa pa udindo chaka chimodzi, kenaka anamubwezera, chifukwa panalibe wina wodziwa kulemba bwino.

Bornwell anakwatira ku Nyimba, namanga komweko. Anabwera ku Rufunsa kamodzi kokha, mu 1998, kudzaika mayi awo. Anaima pambali pa mkulu wake kumanda, anadya naye mbale imodzi, anafunsa za ana a mkulu wakeyo mmodzimmodzi ndi maina awo. Tsiku lachitatu achibale atayala mphasa kuti akambirane za nyumba ndi munda wa malemu, Bornwell anati chilichonse chimene akulu anene iye wavomera, ndipo anatsanzika.